Laputopu Yodziwa Mwini Wake

Mpanda wa nyumba ya a Lemson Luhanga ku Area 10 unali wautali kuposa mipanda yonse ya mumsewu wawo. Pamwamba pake anayalapo mawaya a magetsi, pageti anaikapo mlonda, kuseri anamangako agalu awiri aukali. Munthu akawafunsa kuti zonsezi n'zachiyani, ankayamba akonza kaye tayi, kenako n'kuyankha kuti iwo safuna anthu azidziwa za m'nyumba mwawo. Ankanena zimenezi ndi pakamwa pomwe paja pamene pankafika ku ofesi ku Capital Hill m'mawa uliwonse n'kuuza aliyense, mpaka wokolopa, zimene adya, zimene agula ndi zimene akuganiza zodzagula. Mpandawo unkatsekereza akuba okha. Nkhani zinkatulukira pageti, zitakwera galimoto limodzi ndi eni ake.

N'chifukwa chake mkazi wawo, Eneless, sanawauze kuti ali ndi pakati.

Sikuti ankadana nawo ayi. Anali atapita padera kawiri. Ulendo woyamba a Lemson analengeza tsiku lomwe anamva, ndipo mimbayo itachoka, onse amene anauzidwa aja anabwera kudzapepesa. Ulendo wachiwiri Eneless anachita kuwagwadira kuti asunge pakamwa. Analumbira, n'kuuza amayi awo okha. Lamulungu lake amayi onse a ku mpingo ankamupatsa mpando ndi kumuletsa kunyamula ngakhale buku la nyimbo. Nayonso itachoka, pabalaza panadzazanso. Wina anabwera ndi dzina la mneneri, wina ndi mizu m'kapepala, ndipo apongozi ake, a NyaGondwe, anamufunsa mokoma mtima, alendo ali pomwepo, ngati zoterezi zimachitikachitika kumtundu kwawo. Kutaya ana akewo kunamupweteka, koma kukhala pampando n'kumayankha "zikomo" kwa aliyense wolowa kunali ululu winanso wapadera. Munthu mmodzi yekha amene sanamupatse malangizo anali mlamu wake Wiza, mchemwali wa a Lemson, amene ankakhala nawo pakhomopo. Iyeyo ankangotsuka makapu, ndipo dzuwa likapendeka ankanamiza alendo kuti wodwala wagona.

Tsono ulendo uno Eneless anamanga mtima: sauza munthu mpaka mimba idzalankhule yokha. Ikakhala, adzaiona ndi maso awo. Ikachoka, adzalira yekha atatseka chitseko. Sikelo anakayambira ku kachipatala ka kutali kumene kunalibe womudziwa. Fungo la usipa wa mumsika likamutembenuza m'mimba, ankaluma ndimu n'kumwetulira.

Kusunga chinsinsi inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Anali ndi kashopu ku Old Town, kufupi ndi msika, komwe ankatayipa ndi kusindikiza makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, makalata ofunsira ntchito ndi makalata oti akawerengedwe kukhoti. Zina zimene zinkadutsa m'manja mwake zikanatha kupasula mabanja, koma palibe chinatulukapo. Makompyuta ake anali akale, ogula kwa anthu amene anatopa nawo, ndipo a Daudi okonza makompyuta kuseri kwa msika anamuikiramo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene salipiritsa, imene aliyense wodziwa angathe kuivundukula n'kuona mmene inalukidwira. Eneless kuvundukulako sankakudziwa, ndipo analibe nako ntchito. Chimene ankadziwa n'chakuti ukaiyatsa imayaka, ukaipatsa ntchito imagwira, ndipo sinamufunsepo dzina kapena kumutsatsa kanthu. Laputopu yake ya kunyumba inalinso chimodzimodzi, yakuda, yolemera, batani limodzi litathothoka.

Laputopu imeneyo inkawasowetsa mtendere a Lemson.

"Mkazi wa wachiwiri kwa dairekita sangamagwiritse ntchito zinthu za ulere," ankatero. "Chinthu chabwino angachipereke ulere ndani? Anzanga akalowa muno aziti chiyani?"

Anzawowo akalowa ankayang'ana mu furiji, osati laputopu, koma zimenezo a Lemson sankaziona. Pa tsiku lobadwa la Eneless anafika ndi katoni ya ku City Centre, muli laputopu yopyapyala yonyezimira, ya pulogalamu ya kampani ina yaikulu ya kunja, yokhala ndi laisensi yake. Yakale ija anali ataipereka kale kwa aphunzitsi aakulu a sukulu ya kwawo ku Rumphi amene anabwera mu tauni, ndipo chithunzi chawo atagwirana chanza chinali chitazungulira kale m'mafoni. Mwini laputopuyo anamva pomaliza. Mafayilo ake anamukopera m'kafulashi, ena n'kuwaiwala.

Yatsopanoyo isanalole n'komwe kuti munthu alembe chilembo chimodzi, inayamba mafunso ngati wapolisi wa pamsewu. Imelo. Nambala ya foni. Tsiku lobadwa. Kodi mukulola kuti tizidziwa kumene muli? Kodi mukulola kuti tiziona zimene mumakonda kuti tizikusankhirani malonda? A Lemson ankangodina inde, inde, inde, osawerenga, mmene amasainira mapepala a ku ofesi Lachisanu masana. Ndipo ameneyu ndi munthu amene pakhoma la pabalaza pake panapachikidwa satifiketi ya maphunziro a kuteteza zinsinsi za pa kompyuta, amene anakachitira ku hotela ya ku Salima. Chimene anabwera nacho kumeneko, kupatula satifiketiyo, chinali chambo m'buti ya galimoto.

"Zonsezi akufuna achite nazo chiyani?" anafunsa Eneless.

"Akufuna akudziwe kuti akutumikire bwino. Imeneyi ndi orijino, mayi. Si zako zija."

Anaikamo akaunti yawo, poti m'banja mulibe zobisirana.

Chinthucho chinali cholongolola. Ukafuna kulemba kalata, chikukumbutsa kugula malo osungira zithunzi. Ukatsegula pamene pamakhala mapulogalamu, upeza masewera amene sunawaitane. Pakona pamunsi panali kadzuwa kosonyeza nyengo, ndipo kamuvi kolozera zinthu pa kompyuta kakangodutsapo mwangozi, chikwangwani chinkatambasuka theka la sikirini, chodzaza nkhani ndi malonda. Eneless ankadutsa pakati pa mavenda tsiku lililonse, koma a mumsika aja ukawakana amakusiya, ndipo salowa nawe kuchipinda. Uyu anali venda wogona m'nyumba, ndipo mwini nyumba anachita kulipira kuti abwere.

Atapirira kwa kanthawi, anapempha kuti apite nayo kwa a Daudi akafufute zonsezo n'kuikamo imene anaizolowera.

A Lemson anachita kuika supuni pansi. "Ufufute laisensi? Chinthu chochokera ku City Centre ukachipereke kwa munthu wa m'kakontena ku Old Town? Eneless, umphawi wina umakhala m'mutu."

Eneless anangoti chabwino. Anali ndi chinthu chachikulu choti ateteze, ndipo sanafune kutaya mphamvu pa mkangano wa makina.

Loweruka lina masana, a Lemson ali ku gofu, Eneless anaona kadontho ka magazi. Foni sakanaigwiritsa ntchito, chifukwa kushopu imadutsa m'manja mwa makasitomala otumiza mafayilo, ndipo kunyumba amuna ake amangoitola mmene afunira. Anakhoma chitseko, anatsegula laputopu, nalemba mantha ake onse pa intaneti. Anawerenga mpaka mtima unakhalako m'malo, ndipo Lolemba adokotala anamutsimikizira kuti mwana ali bwino. Chimwemwe n'chimene chinamupusitsa. Atabwerako anadzilola chinthu chimene sanadzilolepo pa mimba ziwiri zija: anayang'ana mabedi a ana. Kabedi kamodzi kanali koyera, kokhala ndi neti yakeyake, ndipo anakayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pamimba. Kenako anafufuta zonse zosonyeza kumene anapita, bwinobwino, ngati munthu wosesa pabwalo kuti mapazi asaoneke. Iye ankati zathera pomwepo. Sankadziwa kuti zimene analembazo zinali zitapita kale kumene tsache lake silifika.

Ukwati wa Wiza ndi mnyamata wina dzina lake Jordan unali utayandikira, ndipo Lamulungu lotsatira, atatuluka ku tchalitchi, akubanja anasonkhana pabalaza kuti asankhe chitenje cha yunifomu. A NyaGondwe anali atafika kuchokera ku Rumphi. Panali a Phyllis, azakhali a Lemson, mphunzitsi wopuma amene foni sinkachoka m'manja mwawo. Panalinso amalume awo a Greenwell, mkulu wa mpingo, amene analinso ankhoswe a Wiza. A Lemson ankawatchula awiriwa mwa kwawo, ankhazi ndi asibweni. Sabata yonseyo Wiza ndi amene anakhalira laputopuyo kusonkhanitsa zithunzi za zitenje, ndipo aliyense ankadziwa zimenezi. Zithunzizo akanatha kungopatsirana foni n'kuziona, koma a Lemson anali ndi TV yaikulu ngati chitseko ndi chingwe chatsopano cholumikizira, ndiye zikanatheka bwanji?

Eneless ankalowa ndi kutuluka, kubweretsa tiyi ndi masikono.

Atangolumikiza chingwecho, pakona pa TV panatulukira chithunzi cha matayala a galimoto.

"Nanga matayalawa, ndi a ukwati womwewu?" anafunsa a Phyllis.

Funso limenelo a Lemson analidikira kuyambira tsiku limene anagula katoni ija. Anaimirira, anakoka buluku, anaima pambali pa TV ngati ali pa msonkhano wa ku hotela.

"Ankhazi, mwafunsa bwino. Makina awa amamudziwa mwini wake. Dzana ndimafufuza matayala a galimoto yanga ija. Lero ndi awa, andibweretsera okha. Satulutsa chinthu mwachisawawa ayi. Chimene munthu wafufuza, chimene chili mumtima mwake, n'chimene amamuonetsa."

"Ndiye ndi sing'angatu ameneyu," anatero a Greenwell.

"Kuposa sing'anga, asibweni. Sing'anga amanama. Taonani." Anayendetsa kamuvi, panatuluka nsapato zoyera za akazi, za gogoda. "Wiza, sunafufuze nsapato iwe?"

"Ndinafufuza, achimwene."

"Mwaona!"

Onse anaseka, ndipo a NyaGondwe anaomba m'manja kuti mwana wawo amagula zinthu zanzeru. Eneless anali ataima pakhomo la ku khitchini, thireyi ili m'manja. Apa m'pamene anazindikira kuti kusesa kuja kunali kwachabe.

"Bwanji tiyambe za zitenjezo," anatero. "Tiyi azizira."

Koma a Lemson anali atalawa kuomberedwa m'manja, ndipo munthu wotero sumuimitsa ndi tiyi. Anapititsa kamuvi pa kadzuwa kaja, mwadala, kuti aonetse zambiri.

Chikwangwani chinatambasuka. Pamwamba panali nkhani za mpira. Pamunsi pake, chachikulu ngati zenera, panali kabedi koyera ka mwana kokhala ndi neti yake. Pambali pake matewera. Ndipo pansi penipeni panali mawu achingerezi a zilembo zonenepa, ofunsa mayi woyembekezera ngati akudziwa zakudya zoyenera mwezi wake wachitatu.

M'banja limenelo munalibe munthu woti amumasulire Chingerezi.

A Greenwell anabweza sikono pambale. Eneless anadikira kuti maso onse atembenukire kwa iye, mkazi wapabanja yekhayo wa msinkhu wobereka m'nyumbamo. Palibe anamuyang'ana, ngakhale amuna ake. Pankhani ya ana anali atamuchotsera kale, ngati mbaula yobooka imene imangokhala kuseri kwa khitchini. Zinamupweteka kuposa mmene akanaganizira, iye amene ankafuna kuti asamuone. Maso onse anapita kwa Wiza.

"Wiza," anatero a NyaGondwe, mawu ali pansi. "Ichi n'chiyani?"

"Sindikudziwa, amama."

"Laputopuyi wakhala akuigwira ndani sabata yonseyi?"

"Ine, koma ndimafufuza zitenje ndi nsapato basi. Zimenezo si zanga."

"Nsapato wavomera," anatero a Lemson. "Kabedi ukukana. Makina omwewo anene zoona pa nsapato, aname pa kabedi?"

A Phyllis anavala magalasi n'kuyamba kumuyeza mtsikanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ine ndimaonatu masayawa. Ndimawauza alamu angawa dzulo kuti mwanayu wayera mokayikitsa." Sanauze munthu aliyense zoterozo, koma a NyaGondwe anagwedeza mutu kuvomereza.

Mpingo wawo sunkaseka pankhani imeneyi. Mtsikana wopezeka woyembekezera ukwati usanachitike ankaimitsidwa, dzina lake n'kutchulidwa pamaso pa anthu onse, ndipo za velo ndi kulowa m'tchalitchi ndi nyimbo zinkathera pomwepo. Wiza anali wa kwaya kuyambira ali mwana. Iye ndi Jordan anali atadikirana zaka, anzawo akuwaseka kuti ndi achikale.

"Amama, ndikulumbira pamaso pa Mulungu. Tiyeni kuchipatala pompano akandiyeze."

"Kuyeza tikayeza," anatero a Greenwell. "Koma ine ndine nkhoswe, ndinenso mkulu wa mpingo. Chimene ndaona ndi maso angawa sindingagone nacho. Akuchimuna akadzamva kuti ndinadziwa n'kukhala chete, adzati tinafuna kuwaveka chipewa cha wina." Anatulutsa foni m'thumba la jekete n'kuyamba kufunafuna nambala ya nkhoswe mnzawo, akuiika kutali ndi maso.

"Asibweni, musaimbe!" Wiza anagwa pansi n'kuwagwira mwendo. "Jordan akudziwa kuti sanandikhudzepo. Akamva zimenezi aganiza kuti ndi za ndani?"

"Funso limenelo ndi lomwe ifenso tili nalo," anatero a Phyllis.

"Mwina zangotulukira," anatero Eneless ali pakhomo paja. Mawu ake anatuluka owonda. "Malonda ndi malonda. Amangoponya paliponse."

"Iwe usalowerere," anayankha a Lemson osacheuka. "Unazolowera za ulere zija zosadziwa kanthu. Izi zimayendera sayansi."

Munthu wa madigiri awiri anali wokonzeka kugwetsa ukwati wa mchemwali wake wa bere limodzi kusiyana n'kuti avomere kuti chinthu chimene anagula chingalakwe. Sanadzifunse n'komwe kuti makina a kampani ya kutsidya kwa nyanja ali ndi ufulu wanji wodziwa za m'mimba mwa akazi a m'nyumba mwake, n'kuziyala pa TV. Mlonda akanaulula zochepa kuposa pamenepo akanachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Koma ichi chinali ndi laisensi. Ndipo choipa kwambiri n'chakuti sichinalakwe.

Eneless akanatha kukhala chete, ndipo anaganizadi zokhala chete. Mawa Wiza akanayezedwa n'kupezeka alibe kanthu. Koma foni ya a Greenwell ikangoyankhidwa, mawuwo sakanabwezedwanso. Ena akanati anachotsa usiku. Ena akanadzawerenga ndi zala miyezi ya mwana wake woyamba. Jordan akanati wakhulupirira, koma kachikayiko kakanatsala, kodzatuluka pa mkangano uliwonse mpaka ukalamba. Anayang'ana mlamu wakeyo. Wiza anali atakhala pa kapeti, akulira mopanda mawu, manja ali kumutu.

Kwawo kwa Eneless ku Mitundu, mkazi satchula mimba yake ndi pakamwa pake. Amanong'oneza amayi ake, amayi ake amauza ankhoswe, ndipo ankhoswe ndiwo amanyamula mawu kupita nawo kuchimuna, mwaulemu, mozungulira. Kuitchula wekha pamaso pa apongozi ndi amalume a mwamuna n'chimodzimodzi kuvula pagulu. Ndipo kuposa mwambowo, ankaopa mipando yomweyi, pamene akanadzakhalanso n'kumalandira opepesa ngati zitavutanso.

A Greenwell anaipeza nambala ija. Anaika foni kukhutu.

Eneless anatula thireyi pa tebulo, anagwada.

"Amalume, dulani foniyo. Ndine."

"Ndinu chiyani, mayi?"

"Amene anafufuza ndine."

"Kufufuzira ndani?" anafunsa a Phyllis. Anali atamva bwinobwino, koma ankafuna chituluke chonse.

Eneless anayang'ana maluwa a pa kapeti. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

"Ndine woyembekezera."

Nthungululu ya a NyaGondwe inadzutsa agalu kuseri. Anamudumphira, manja onse awiri pamimba, kusisita, kukanikiza, kufunsa miyezi, kumukalipira chifukwa chonyamula mathireyi. A Greenwell anauza munthu wa pafoni uja kuti angoimba kupereka moni wa Lamulungu, kenako anaimiritsa onse kuti apemphere. Linali pemphero lalitali, ndipo linatchula mimba ziwiri zija, iliyonse payokha ndi mmene inachokera, kuopa kuti mwina Mulungu waiwala. Palibe amene anapepesa Wiza. A Phyllis anangomuuza kuti apukute nkhope, lero ndi tsiku lachimwemwe.

A Lemson okha anali asanalankhule. Anaima kukamwa kuli yasa, ndipo Eneless atawayang'ana anaganiza kuti mwina zawalowa, kuti adzifunsa chifukwa chimene mkazi wawo anawabisira, n'kudziyankha okha. Nkhope yawo inasinthasintha ngati ya munthu wofunafuna kanthu m'matumba. Kenako anakapeza. Anatembenukira ku TV naitambasulira dzanja.

"Mwaona? Yadziwa ine mwini nyumba ndisanadziwe! Ndiye wina azindiuza za ulere?"

Kuseka kunaphulikanso. A Greenwell anafunsa kuti yoteroyo angaipeze mu shopu iti, ndipo a Lemson anayamba kuwalongosolera njira.

Eneless anadzuka, anatola thireyi, analowa ku khitchini n'kukhala pa kampando. Wiza anamutsatira. Anaima pafupi, maso atatupa.

"Alamu, pepani."

"Si iwe, Wiza."

"Simumafuna kuti adziwe."

"Adziwa."

Kupyola chitseko ankamva mawu a a Phyllis akufotokozera apongozi ake. "Ayi, sindinauze anthu. Ndangolemba pa gulupu ya ukwati yokhayi basi, kuti atithandize kupemphera." Pa gulupu imeneyo panali akuchikazi, akuchimuna, a kwaya, ophika, okongoletsa holo, ndi mng'ono wake wa Eneless, Angela, amene anaikidwapo chifukwa ndi amene ankagawa makadi kumudzi.

Foni ya Eneless inayamba kulira pamwamba pa furiji. Inalira mauthenga kaye, motsatizana, ngati mvula yoyamba pa malata. Kenako inaitana. Wiza anaitenga, anayang'ana dzina, namupatsira.

"Amayi," anatero Eneless.

Mufonimo munkamveka mbuzi ndi mphepo. Amayi ake sanali munthu wokuwa, ndipo lero sanakuwe.

"Eneless, Angela akundiwerengera zinthu pano. N'zoona?"

"N'zoona, amayi."

"Miyezi itatu."

"Eya."

"Ulendo wathawu unabwera kuno, tinakhala pamkeka umodzi, tinasenda mtedza limodzi. Ndinakuona, koma ndinati mwana wanga andiuza yekha nthawi yake ikakwana. Ine ndili moyo, ndili pa Mitundu pompa, minibasi imodzi. Ndiye ndimve kwa anthu a ku Rumphi? Akuti unachita kugwada, kunena wekha, pamaso pa amuna."

"Amayi, sizinayende choncho."

"Nanga zinayenda bwanji? Anakukakamiza ndani?"

Eneless akanati ndani? Anafunafuna poyambira poti mayi wa ku Mitundu amvetse kuti m'nyumba ya mwana wake muli chinthu chimene chimamvetsera n'kukagulitsa zimene chamva, ndipo kuti mkamwini wawo amachinyadira. Mawu onse amene anawapeza ankamveka ngati bodza.

Amayi ake anadikira yankho, kenako anadula. Eneless anaimbanso, koma foni sinayankhidwe.